Ernest Rutherford, Mwana wa Mlimi Amene Anasuzumira M'kati mwa Atomu

Anzanga, mwa anthu onse amene timawapeza m'buku la sayansi, ine ndikonda Ernest Rutherford koposa, kapena chifukwa anali mwana wa kumunda monga ambiri a ife kuno ku Mchinji.

Iye anabadwa m'chaka cha 1871 pafupi ndi Nelson, m'dziko la New Zealand, wachinai mwa ana 12. Atate wache anali mlimi, amache anali mphunzitsi. Akuti analikukumba mbatata ya kachewere pamene mau anafika akuti wapeza malo ku Mangalande, ndipo mu 1895 anapita ku Cambridge kukaphunzira kwa J. J. Thomson.

Ntchito yache yaikuru inachitika ku Manchester. Mu 1909 omthandiza ache, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, analikuwombera tizidutswa totchedwa alpha pa kapepala ka golide kopsapsala zedi. Tambiri tinangopyola, koma kamodzi mwa zikwi zambiri kanabwerera m'mbuyo. Tiyerekeze tikuponya miyala ndi legeni pa mpanda wa udzu. Mwala wina ukanjanja ndi kubwerera, tidziwa kuti muli mtengo wobisika, ngakhale sitinauone. Chomwecho mu 1911 Rutherford anafotokoza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanjere kakang'ono ka pakati, kwinako n'kopanda kanthu. Nzeru imeneyi indikondweretsa ndithu, pakuti ngakhale mwana wobusa mbuzi angaimve.

Pambuyo pache anawombera mpweya wa nayitrojeni naona kuti mukutuluka njere za haidrojeni. Njerezi anazitcha proton mu 1920. Anamwalira mu 1937 ndipo anaikidwa mu Westminster Abbey, pafupi ndi Isaac Newton.

Koma njira yache sinafe. Mu 2018 akatswiri a ku Jefferson Lab, ku Virginia, analengeza zimene anapeza powombera ma elekitironi pa proton imene. Anayesa mphamvu yokankha ya m'kati mwache. Pakati peni-peni mphamvuyo ikankhira kunja, ndipo anaiwerengera kuti iposa pafupifupi kakhumi ija ya m'mtima mwa nyenyezi zothinana zotchedwa neutron star. Cha m'mphepete muli mphamvu yina yopanikizira m'kati, monga tayala la njinga ligwira mpweya, ndiyo iletsa proton kuphulika. Ndipo matupi athuwa, ndi desiki, ndi nsima ya m'holo yodyera, zonse n'zodzala ndi ma proton otere.