Sailor Malan, Katswiri wa Nkhondo ya M'mlengalenga

Adolph Malan anabadwira ku Wellington, South Africa, m'caka ca 1910. Poyamba anali kugwira nchito pa sitima za pamadzi, ndico cifukwa cace anzace anamucha Sailor. Pa nkhondo yoteteza Britain mu 1940 anatsogolera 74 Squadron, naulutsa Spitfire, ndege yokhota msanga koposa Messerschmitt ya Ajeremani.

Tsono anzanga, nzeru zace zinali apa. Ambiri anali kulunjikitsa mfuti 8 za m'mapiko kuti zipolopolo zikakumane pa mayadi 400. Iye anazikonza pa mayadi 250, nayamba wamuyandikira mdani asanaombe. Pamenepo pafunika mtima ndithu! Anagwetsa ndege 27.

Mu 1951 anatsogolera Torch Commando potsutsa boma la tsankho limene linafuna kulanda Makaladi mavoti ao. Anamwalira mu 1963.