Sir Syed Ahmad Khan, mwini maina awiri aulemu

Ophunzira ena akaona dzina la Sir Syed Ahmad Khan amayesa kuti anali mphunzitsi chabe, poti m'kalasi mwamuna aliyense wogwira choko timamutchula kuti sala. Sir wa bamboyu ndi wina: ndi ulemu umene mfumu ya ku Britain imapereka kwa amene yamuveka udindo wa knight. Mwambo wa Angerezi ndi wakuti Sir atsagane ndi dzina loyamba, osati la bambo, choncho Sir Khan n'kulakwitsa. Chodabwitsa n'chakuti Syed nalonso ndi dzina laulemu, la mbumba ya Mtumiki Muhammad (SAW). Lina anabadwa nalo, linalo anachita kupatsidwa.

Anabadwira ku Delhi mu 1817 ndipo anagwira ntchito m'makhoti a Angerezi. Nkhondo youkira atsamunda itabuka mu 1857 anali ku Bijnor, komwe anapulumutsa Angerezi angapo, koma ku Delhi asilikali a Angerezi omwewo anapha abale ake. Sanakhale chete. Analemba kabuku kofotokoza kuti chipolowecho chinadza chifukwa boma silinkamvera eni dziko. Pa nthawi imene anthu ankanyongedwa pa zifukwa zochepa, kumeneku kunali kulimba mtima.

Chinkamusowetsa tulo chinali china: Asilamu ankakana Chingerezi ndi sayansi, ntchito n'kumawadutsa. Atakaona masukulu a ku England mu 1869, anatsegula sukulu ku Aligarh mu 1875, imene mu 1920 inasanduka Aligarh Muslim University. Mashehe ambiri anamutsutsa, ena mpaka kumutulutsira fatwa yoti ndi kafiri. Ine ndimaona kuti pa tafsiri yake anali ndi pomugwira, chifukwa ankatanthauzira zozizwitsa motsatira nzeru za umunthu mopyola muyeso. Koma pa za sukulu anaona patali kuposa iwo.

Udindo wa knight anaulandira mu 1888, nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo omutsutsa anapezerapo umboni woti ndi munthu wa atsamunda. Ulemuwu sukhala cholowa. Wosiyirana ndi wa baronet, monga umene Currimbhoy Ebrahim, wamalonda wachisilamu wa ku Bombay, analandira mu 1910 n'kupita kwa mwana wake. Mwana wa Sir Syed, Syed Mahmood, ngakhale anali jaji ku Allahabad, sanatchedwe Sir. Mdzukulu wake Ross Masood anachita kulandira wakewake.

Sir Syed anamwalira pa 27 Malichi 1898, ndipo manda ake ali pambali pa mzikiti wa pa yunivesiteyo.