Robert Oppenheimer ndi nyumba zopangira bomba ku Los Alamos

Robert Oppenheimer anabadwa pa 22 Epulo 1904 mumzinda wa New York ku Amereka. Bambo ake ankachita malonda a nsalu, ndipo pakhomo pawo panalibe usiwa. Ali mnyamata ankakonda mabuku ndi kutola miyala ya mitundumitundu. Anaphunzira ku yunivesite ya Harvard, kenako ku Göttingen m'dziko la Germany, kumene anamaliza mu 1927. Maphunziro ake anali a atomu, kanthu kakang'ono zedi kosaoneka ndi maso. Madzi, mwala, ngakhale thupi lathuli, zonse zinapangidwa ndi maatomu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, Amereka anachita mantha kuti Hitler akhoza kuyamba ndiye kupanga bomba la atomu. Mu 1942 mkulu wa asilikali, Leslie Groves, anasankha Oppenheimer kuti atsogolere akatswiri opanga bombalo. Malo ake anasankha Los Alamos, pamwamba pa mapiri ku New Mexico. Pamalopo panali sukulu ya anyamata. Boma linatseka sukuluyo n'kumanga nyumba zamatabwa mwachangu. Ntchito inayamba mu 1943, ndipo zonse zinali zachinsinsi.

Afirika sanali kutali ndi nkhaniyi. Mwala wa yuraniyamu wambiri umene anagwiritsa ntchito unachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Okumba anali anthu akuda ngati ife, olamulidwa ndi atsamunda a ku Belgium.

Pa 16 Julayi 1945 anayesa bomba loyamba m'chipululu. Pa 6 Ogasiti bomba linagwa pamzinda wa Hiroshima ku Japan, pa 9 Ogasiti lina ku Nagasaki. Pofika kumapeto a chakacho, anthu pafupifupi 200,000 anali atafa. Ambiri sanali asilikali ayi, koma amayi, ana ndi okalamba. Mabomba awiri okha basi.

Zimenezi zinamuvutitsa mumtima Oppenheimer. Mu Okutobala 1945 anatula pansi udindo wake ku Los Alamos. Anayamba kulimbikitsa kuti mayiko agwirizane poyang'anira mphamvu ya atomu. Mu 1949 anatsutsa zopanga bomba lina loopsa koposa, la haidirojeni. Akuluakulu ena a boma sanakondwe nazo. Anakumba zakale, zoti iye anali ndi abale ndi abwenzi a chikomyunizimu. Mu 1954 anamuzenga mlandu n'kumuletsa kuonanso zinsinsi za boma. Munthu amene dzulo ankamutama anasanduka wokayikitsa. Anamwalira pa 18 Febuluwale 1967 ndi khansa ya pakhosi, ali ndi zaka 62. Anali wosuta fodya kwambiri. Mu 2022 boma la Amereka linavomera kuti mlandu uja sunayende mwachilungamo, koma mwini wake anali atapita kalekale.

Nanga malo amene anayambitsa aja? Sanatsekedwe. Nyumba zamatabwa zinachotsedwa, m'malo mwake munabwera zasimenti. Mu 1952 anamanga chinyumba chachikulu chotchedwa CMR, chofufuziramo pulutoniyamu, chitsulo chimene chimakhala pakati pa bomba. Nyumba imakalamba ngati munthu. Patapita zaka, akatswiri anapeza kuti pansi pa nyumbayo pali mng'alu umene chivomezi chingathe kugwedeza. Ife nyumba ikang'aluka timamata kapena kuumba njerwa zina. Koma pulutoniyamu si chimanga choti n'kungosamutsa m'nkhokwe. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa khansa, ndipo poizoni wake amatenga zaka zikwizikwi asanathe mphamvu.

Boma linakonza zomanga nyumba yatsopano, koma mtengo unakwera mpaka mabiliyoni a madola. Mu 2012 linaimitsa gawo lalikulu la ntchitoyo, kenako linalisiyiratu. Linasankha kusamutsira kafukufukuyo m'nyumba zina za ku Los Alamos komweko. Ena amati nyumba zolimba zimateteza antchito ndi anthu oyandikira. Ena amafunsa kuti, kodi kumanganso si kuvomereza kuti mabombawa akhale mpaka kalekale?

Kuno kwathu kunapezeka njira ina. South Africa anapanga mabomba a atomu 6, koma anawaphwasula yekha ulamuliro wa tsankho utatsala pang'ono kutha. Mu 1996 mayiko a Afirika anasayina pangano la Pelindaba, loletsa zida zotere m'chigawo chonsechi. Mozambique ndi Malawi ali m'panganolo.

Oppenheimer anangotsogolera Los Alamos kuyambira 1943 mpaka 1945. Koma zimene anayambitsa zikudyabe ndalama, ndipo zidzukulu za m'tsogolo zidzafunika kuzilondera usana ndi usiku.