Robert Moog, Mmisiri Amene Analuza Dzina Lake

Robert Moog anabadwira mumzinda wa New York pa 23 May 1934. Bambo ake anali injiniya, choncho mwanayu anakulira pakati pa mawaya. Asanakwanitse zaka 16 anali atapanga kale theremin, chida choimbira chimene munthu amachiliza osachikhudza, pongoyendetsa manja pafupi nacho. Ankagulitsa zida zimenezi uku akuphunzira, mpaka anatenga digiri ya PhD pa yunivesite ya Cornell mu 1965.

Mu 1964, mothandizana ndi woimba wina dzina lake Herbert Deutsch, anapanga synthesizer yake yoyamba. Ichi ndi chida chimene chimapanga mawu kuchokera ku magetsi enieniwo, ndipo makiyibodi amene timaimbira masiku ano ndi zidzukulu zake. Koma chimene chinamutchukitsa ndi sefa wake. Mawu a magetsi akamatuluka amakhala okala, olasa m'makutu. Monga mmene mayi amasefera ufa kuti misere itsale, sefa ameneyu amachotsa timawu tosongoka ta pamwamba, n'kusiya mawu onenepa bwino. Moog anasanja matransisita awiriawiri ngati makwerero, ndipo mu 1969 boma la America linamupatsa chiphaso cha umwini wa luso limeneli. Sefa yemweyu ndiye ali mu Minimoog, imene inatuluka mu 1970.

Pa malonda pokha sizinamuyendere. Mu 1971 anagulitsa kampani yake, dzina lake n'kupitira limodzi. Anachokamo mu 1977, ndipo kwa zaka zambiri sankaloledwa kulemba dzina loti Moog pa zinthu zimene manja ake apanga. Kwa ine apa ndiye pomvetsa chisoni kwambiri.

M'zaka zimenezo makampani ena anayamba kupanikiza sefa yense m'kachipangizo kamodzi kotchedwa chip. Prophet-5 inayamba ndi SSM2040, kenako CEM3320, pomwe Juno-106 ya Roland inali ndi 80017A. Zida zinatsikadi mtengo, koma mafakitale atasiya kupanga tizipangizoti, okonza zida anagwira njakata. Kamodzi kakafa, ankakazula m'chida china chakufa, mpaka ena anayamba kutipanganso mwatsopano, monga kampani ya Alfa ya ku Latvia imene imapanga AS3320 kuti ilowe m'malo mwa CEM3320. Sefa wa Moog sanakumane ndi vuto lotere kwenikweni. Matransisita ake ndi wamba, ntchito imangokhala yosankha awiri ofanana mphamvu.

Mu 2002 Moog anabwezeredwa dzina lake, ndipo chaka chomwecho anatulutsa Minimoog Voyager. Analigwiritsa ntchito zaka zitatu zokha. Anamwalira ndi chotupa cha muubongo pa 21 August 2005 ku Asheville, m'chigawo cha North Carolina, ali ndi zaka 71.