MBIRI YA DR. JAMESON, SING'ANGA AMENE ANALUMPHA MALIRE NDI MFUTI

Leander Starr Jameson anabadwira ku Edinburgh m'caka ca 1853, naphunzira using'anga ku London. Mu 1878 anafika ku Kimberley, kumene anapalana ubwenzi ndi Cecil Rhodes, amene pambuyo pace anakhazikitsa Kampani ya British South Africa.

Kampaniyo inali ndi asilikari aceace, ndipo inakhumba kukhala ndi doko. Mu 1890 Jameson anapyola dziko la Amanyika, kumene kuli Mutare lero, natsika mtsinje wa Pungwe pabwato kuzonda njira ya ku nyanja yamcere. Koma dzikolo Apwitikizi analiyesa lao. Mu November caka comweco Major Forbes anagwira akulu a Apwitikizi pamudzi pa Mfumu Mutasa, ndipo mu May 1891 asilikari a Kampani anawagonjetsa pafupi ndi Macequece. Atayamba ulendo wokalanda Beira, mthenga wa Boma la Mangalande anawabweza, pakuti Bomalo silinafune nkhondo ndi Portugal. Cipangano ca June 1891 cinasiya Beira m'manja mwa Apwitikizi. Ndico cifukwa cace malire ali pakhomo penipeni pa Mutare.

Jameson, atakhala wolamulira dziko la Kampani, sanatengepo nzeru pa zimenezi. Pa 29 December 1895 ananyamuka ndi okwera pa akavalo pafupifupi 600, nalowa m'Transvaal, dziko la Mabunu, kuti agwetse boma la Kruger. Boma la Mangalande linatuma amithenga kumlamula kuti abwerere, koma iye anatseka makutu. Anamva nkhwangwa iri m'mutu: pa 2 January 1896 anadzipereka kwa Mabunu ku Doornkop.

Mlandu wace unazengedwa ku London potsata lamulo la 1870, loletsa munthu wamba kusonkhanitsa nkhondo yokaputa dziko lokhala pa mtendere ndi Mangalande. Anampatsa miyezi 15 m'ndende, koma anaturuka cakaco cisanathe cifukwa ca matenda. Kumbuyo kuno, Amandebele poona kuti apolisi apita naye, anaukira Kampani mu March 1896, ndi Amashona mu June, ndipo anthu ocuruka anaphedwa.

Cilango cace cinapepuka, pakuti munthu yemweyo anakhala Nduna Yaikulu ya Cape Colony kuyambira 1904 kufikira 1908. Anamwalira ku London mu 1917, ndipo mu 1920 mtembo wace unaikidwa m'mapiri a Matobo pafupi ndi manda a Rhodes. Mzinda wa Fort Jameson, umene unatenga dzina lace, lero ndiwo Chipata.