ROWLAND HILL, MPHUNZITSI AMENE ANAKONZA POSITI

Rowland Hill anabadwa pa 3 December, 1795, m'mudzi wa Kidderminster ku Mangalande. Atate wace anali mphunzitsi, ndipo mwanayo anayamba kuwathandiza m'sukulu ali ndi zaka 12 zokha. M'caka ca 1819 banja lao linatsegula sukulu ya Hazelwood pafupi ndi Birmingham. Pa sukuluyo cikoti cinaletsedwa, ndipo anyamata anali kusankha okha anzao owaweruza akalakwa. Kumeneko Hill anazolowera kuyang'anitsitsa nchito ya tsiku ndi tsiku, ndi kufunsa ngati mwambo wakale uli ndi phindu kapena ai.

Masiku amenewo kalata inali cinthu ca anthu olemera. Wolipira sanali wotumiza koma wolandira, ndipo mtengo unali kukwera monga mwa kutalika kwa ulendo ndi kuculuka kwa mapepala. Kalata ya pepala limodzi yocokera ku London kunka ku Edinburgh, mtunda wa mamailosi ngati 400, inali kulira sheleni limodzi ndi kobiri limodzi ndi theka. Amphawi ambiri anali kukana makalata a ana ao pakhomo cifukwa ca kusowa ndarama. Ena anapangana ndi abale ao kulemba tizizindikiro kunja kwa kalata, kuti wolandira angoyang'ana, namva nkhani, naibweza osalipira. Koma aphungu a ku Nyumba ya Malamulo anali kutumiza makalata ao ulere.

Hill sanagwirepo nchito m'Positi. Anangotenga mabuku a Boma onena za ndarama za Positi, nayamba kuwerengera. Anapeza kuti kunyamula kalata pa ngolo kufikira ku Edinburgh sikunali kudya ndarama konse, pakuti kobiri limodzi likadakwanira makalata 36. Ndarama zinali kuthera pa akalaliki oyesa mtunda, owerenga mapepala poyang'anitsa kalata pa nyali, ndi olemba ngongole, ndiponso pa amtengatenga oima pakhomo liri lonse kudikira malipiro. M'caka ca 1837 anasindikiza kabuku kofotokoza zimenezi. Anapempha zinthu zitatu: kuti mtengo ukhale umodzi m'dziko lonse, kuti uyesedwe ndi kulemera kwa kalata, ndi kuti wotumiza alipiriretu pomata kapepala kakang'ono pa kalatayo.

Akulu a Positi anamtsutsa kolimba, makamaka William Maberly, Mlembi wamkulu, amene anaopa kuti Boma lidzataya cuma. Koma amalonda ndi anthu wamba anatumiza mapempho ambiri ku Nyumba ya Malamulo, kufikira lamulo linabvomerezedwa m'1839. Hill anaikidwa m'ofesi yosunga cuma ca Boma kuti ayang'anire makonzedwewo. Pa 10 January, 1840, kalata iri yonse yosapitirira theka la aunsi inayamba kuyenda ndi kobiri limodzi, ndipo pa 6 May sitampa yoyamba pa dziko lapansi, yakuda, yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria, inayamba nchito yace.

Si zonse zinayenda bwino. Maenvelopu okhala ndi zithunzithunzi, amene Hill anayesa kuti anthu adzawakonda koposa masitampa, anasekedwa ndi anthu onse, ndipo anacotsedwa. Sitampa yakuda nayo inali ndi cirema: cidindo cofiira coifafanizira cinali kufufutika, kotero kuti acinyengo anali kuigwiritsa nchito kawiri. Hill sanakakamire maganizo ace oyamba. M'1841 sitampa inasandulika yofiira, ndi cidindo cace cakuda.

Makalata anaculuka kucokera pa 76,000,000 m'caka ca 1839 kufika pa 169,000,000 m'caka ca 1840. Koma phindu la Positi linatsika kwambiri, monga Maberly ananeneratu, ndipo linatenga zaka zambiri kuti libwerere pamene linali. Adani ace anapezerapo mpata, ndipo m'1842 Boma la Robert Peel linamcotsa nchito. Anthu amene tsopano anali kulemberana ndi abale ao sanamuiwale: m'1846 anamsonkhera £13,000, ndipo caka comweco Boma latsopano linamuitananso. M'1854 iye anakhala Mlembi wamkulu wa Positi m'malo mwa Maberly, nagwira udindowo kufikira 1864. Anali munthu wouma mtima pang'ono, wosacedwa kukangana ndi anzace a m'ofesi, koma pa nchito anali wosatopa.

Maiko ena anatsata njira yace msanga. Brazil ndi zigawo za Zurich ndi Geneva zinasindikiza masitampa ao m'1843. Hill analandira ulemu wa Sir m'1860. Anamwalira pa 27 August, 1879, naikidwa m'Westminster Abbey pamodzi ndi mafumu ndi anthu omveka.

Nzeru yace sinali yozizwitsa ai. Mabuku amene iye anawerenga analipo kale m'maofesi, ndipo akalaliki anali kulembamo tsiku ndi tsiku, koma panalibe wofunsa kumene kobiri liri lonse linali kupita. Iye anafunsa, nawerengera, nakonza zimene zinalakwika poyesa, napirira pamene anacotsedwa. Cifukwa ca khama limenelo, mai wosauka sanabwezenso kalata ya mwana wace pakhomo.