John Logie Baird ndi Wailesi ya Kanema

Kodi munaonererapo filimu pa TV ku Chipangali kapena ku Chipata? Mmodzi wa anthu amene anayambitsa TV ndi Bambo John Logie Baird.

Iwo anabadwira ku Scotland mu 1888. Anali odwaladwala, ndipo ndalama zinali kuwavuta. Makina ao oyamba anawapanga ndi bokosi lakale, singano ndi magalasi a nyale za njinga. Tangoganizani!

Mu 1926 ku London, anaonetsa nkhope ya munthu ikugwedezeka pa makinawo. Cithunzico cinali cacing'ono, cosaoneka bwino. Koma sanaleke ai. Pambuyo pake anapeza njira yoonetsera mafilimu pa TV.

Bambo Baird anamwalira mu 1946. Muno m'dziko lathu TV inayambira ku Kitwe mu 1961.